Hadi Diraivu ya Alamu

Mayi wina wosoka zovala ankangofuna zithunzi za malemu mayi ake basi. Kompyuta ya panyumba inafa kalekale, koma mwamuna wake anamuuza kuti zithunzi zimatsala mu hadi diraivu, kachitsulo kosunga zonse za m'kompyuta. M'mawa wake anapeza tizitsulo titatu m'katoni ya m'chipinda chosungira katundu, natikulunga m'nsalu, ulendo kwa wokonza makompyuta yemwe anthu ankangomutchula kuti Mawaya.

Shopu ya Mawaya inali yothina, yonunkha nthambo zopserera. Iye anatulutsa adaputa, kabokosi ka nthambo ziwiri, ina yopita kumagetsi, ina kukompyuta yake.

"Khalani apo, mayi. Akufa timawadzutsa pano, koma a chitsulo okhaokha," anatero akuseka.

Kachitsulo koyamba kanangoti gogogo, n'kukhala chete. Kachiwiri kanatseguka, ndipo mayi ake anaonekera pa sikirini akumwetulira. Mayiyo anapukuta misozi.

"Kachitatu tikaonenso?"

"Onani, achimwene. Mwina muli zina."

Mawaya atakalumikiza, kanayamba kulira monga njuchi. Anatsegula chithunzi chimodzi, kenako china, ndipo kuseka kuja kunamuthera.

"Mayi, chipinda ichi mukuchidziwa?"

Chinali chipinda chake chogona. Bedi lake, makina ake osokera pakona, iye mwini atakhala pansi akupesa tsitsi. Zithunzi zonse zinajambulidwa kuchokera m'mwamba, cha pamwamba pa kabati ya zovala. Zinalipo zochuluka zedi. Mu china anali atavala diresi yomwe anaimaliza kusoka sabata yomweyo.

"Aka si kakale ayi," anatero Mawaya motsitsa mawu. "Kumakhala ndani kwanuko?"

Kuseri kwa khoma la kabatiyo kunali chipinda cha alamu ake, mkulu wa mwamuna wake, amene anabwera kudzakhala nawo ntchito itawathera. Anali munthu wofatsa, wosayang'ana munthu m'maso, wokonda kudzitsekera.

Foni inalira m'chikwama. Anali alamu akewo.

"Alamu, mwagwirako katoni yanga?" Mawu awo anali odekha ngati akufunsa za mchere.

"Ayi, alamu. Katoni yanji?"

"Chabwino. Nanga muli kuti? Kushopu kwanu ndapeza kotseka."

Mayiyo anadula foni. Mawaya anadzuka nakhoma chitseko. Mayiyo anaimbira mwamuna wake kuntchito, kenako mng'ono wake kuti akatenge ana kusukulu msanga, asawapititse kunyumba.

Mwamunayo atafika anayang'ana zithunzi ziwiri zokha. Ananyamula kachitsulo kaja, napita nako kupolisi limodzi ndi mkazi wake.

Atafika kunyumba ndi apolisi, anapeza chipinda cha alamu chili pululu, zovala ndi chikwama palibe. Pamwamba pa kabati panali kabowo kongolowa chala, nthambo yoduka ya kamera ikulendewera mbali inayo.

Alamuwo sanapezeke. Mwamuna wake anatseka bowolo ndi simenti, nasintha maloko onse. Koma patapita masiku, mwana wawo wamng'ono pochokera kusukulu anafika akunyambita switi.

"Wakupatsa ndani?" anafunsa mayi ake.

"Bambo aakulu, pageti ya sukulu. Akuti ndikupatseni moni."