Kabedi ka Mayi Landry

Chidziwireni kuti ali ndi pakati, Delphine anasanduka mlonda wa chikwama. Khofi wogula m'njira anamusiya, mwamuna wake Ansel anamuletsa kugula mbedza zatsopano, nyama inatsalira Lamlungu lokha. Kuchipatala ndalama zinkapsa ngati udzu wouma: kuyeza magazi, mavitamini, kuunika mimba, ndipo a inshulansi ankangoti, "Yambani mwalipira nokha." Komabe mtsikanayo ankangoseka. Akatsuka mbale, kuseka. Akasanza m'mawa, kutuluka m'bafa akusekabe.

Anali asanauze munthu. Anapangana kuti adokotala aunike kaye, kenaka Lamlungu akawauze amayi a Delphine, a Odile, pa chakudya chamasana. A Odile anali asanaiwale kuti za ukwati wa mwana wawo anazimvera ku saluni, mutu uli m'choumitsira tsitsi. "Ukadzandichitanso zimenezi," anatero nthawi ija, "ukasake mayi wina."

Loweruka m'mawa akupita kokagula zakudya pa galimoto, Delphine anamenya Ansel pantchafu. "Ima! Ima, iwe!"

Pa kapinga wa kwa Mayi Landry panali patayalidwa katundu wakale wogulitsa: mipando, mabuku, nsapato, mapoto. Pakati pa zonsezo panaima kabedi ka mwana, koyera mbee.

"Pamenepo ayi," anatero Ansel. "Amenewo ndi wailesi ya tauni ino. Ndiponso amaimba kwaya imodzi ndi amayi ako."

"Ndingoona basi."

"Tsiku lomwe unangondiona ine, zinatha bwanji?"

Delphine anali atatsika kale. Anakagwedeza kabediko, kanali nji. Anakanunkhiza, kanali bwino.

"Mwana wa Odile!" anafuula Mayi Landry akutuluka m'galaja. "Masayatu adzadza. Kabediko ukufunira ndani?"

"Mnzanga wa kuntchito, mayi."

"Mnzako, eti? Madola zana limodzi."

"Zana? Kabedi kogonedwa kale?"

"Kanagona adzukulu anga onse, ndipo palibe anatuluka wopindika. Kwa alendo ndi zana. Ena amagula pano n'kukagulitsa pa intaneti, ndimawadziwa ine. Kakanakhala ka mwana wa m'tauni muno, madola khumi ndikanalandira, ndi matiresi omwe."

Khumi! M'mutu mwa Delphine munavina mabotolo a mavitamini ndi mafuta opitira kusikelo. Ansel anatsokomola. Anatsokomolanso, akupukusa mutu. Koma pakamwa pa mkazi wake panali patathamanga kale.

"Ndi wanga! Mwanayo ndi wanga, ali muno!" Anadzisisita pamimba popanda kanthu kooneka.

Mayi Landry anakuwa, n'kumukumbatira mpaka magalasi awo anapendekeka. "Mayo ine! Odile akhala gogo! Ndiye watibisira kukwaya, mfiti ameneyu!" Dzanja lawo linali likulowa m'thumba la epuloni, momwe munali foni.

Delphine anakoka Ansel pamkono. "Atangwanitse manja," anamunong'oneza. "Asakhudze foni."

Ansel anatola chomwe chinali pafupi: nyale yooneka ngati nsomba yoyasamula. "Mayi, iyi imayaka? Tandionetsani. Ayi, gwirani ndi manja onse, ingagwe."

Delphine anathamangira kuseri kwa galimoto n'kuimba. Foni inalira, inalira, osayankhidwa. Anadziwa: amayi ali kudimba akuthirira therere, foni aisiya pawindo. Anaimbanso. Atasuzumira anaona Ansel akulipira nyale ija ndi ndalama yaikulu kuti mayiwo avutike ndi chenji. Anaimba kachitatu. Tsopano Ansel anali atavala jombo zomulekeza m'mawondo, akufunsa ngati pali zina zazikulu. Kenaka anakwera makwerero akale.

"Gwirani zolimba, mayi! Mukasiya, mwana ameneyu abadwa wopanda bambo!"

"Tsika msanga, mnyamata iwe, ndili ndi foni yoti ndiimbe!"

"Nanga chopera zipatso icho? Chimazungulira?"

Mwadzidzidzi khutu la Delphine linamva mawu. "Halo? Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Khalani pansi."

"Ndili m'matope, ndikhala pati? Lankhula."

"Mukhala agogo."

Kunamveka paipi ya madzi ikugwa, ndi mfuu yomwe inamuchotsetsa foni kukhutu. Delphine anaseka mpaka anatsamira tayala. A Odile atapezanso mpweya, mawu awo anasintha.

"Wauza ndani wina?"

Delphine anasuzumira kwa Mayi Landry. Bodza silikanafika ngakhale madzulo. "Mayi Landry. Pompano. Anandikoka lilime ndi kabedi ka madola khumi."

"Landry? Wa kukwaya uja?"

"Eya, amayi. Koma sanaimbire aliyense. Ansel ali pa makwerero."

Delphine anakanikiza foni kukhutu.

"Wati madola khumi?"

"Khumi."

"Ndi matiresi?"

"Ndi matiresi omwe."

"Hmm," anatero a Odile. "Ndinakulera bwino. Dula foni, ndiyambe kuimbira anthu asanandilande nkhani yanga."

Pobwerera, kumbuyo kwa galimoto kunali kabedi, matiresi, makwerero, jombo ndi chopera zipatso chopanda chivindikiro. Nyale ya nsomba Delphine anaifungatira pamiyendo.

"Zonsezi wawononga zingati?" anafunsa.

Ansel anayang'ana msewu. "Usandifunse ndikuyendetsa."

"Ansel."

"Zana ndi makumi awiri. Kuphatikizapo kabedi."

Delphine anayang'ana nsombayo, nayo inamuyasamulira. Phwete linamuphulika m'mphuno, misozi n'kutsika, mpaka anapempha Ansel aime pambali poopa kudzinyowetsa.

"Nyama ya Lamlungu yatha mwezi uno," anatero akupukuta maso.

"Tizikadya kwa amayi ako," anayankha Ansel. "Agogo sakaniza nyama."