Manda a Ulyana

Mtembo wa Ulyana unali m'khola la akavalo, wofunditsidwa chiguduli, pamene Feodosia analowa m'chipinda cha apongozi ake. Ulyana ndiye anayamwitsa Feodosia ali khanda. Ndiyenso yekha amene anatsala mwa anthu omwe anamuperekeza kuchokera kudziko la Rusi, bambo ake atamukwatitsa kwa kalonga Sulislaw wa ku Poland kuti nkhondo ya m'malire ithe.

"Amayi, ndikupempha manda," anatero Feodosia atagwada.

Apongoziwo, a Dobrochna, sanasiye kupota ubweya. "Manda a patchalitchi ndi a ana a Roma. Nkhalamba yakoyo ya mpingo wa ku Rusi inkadya mkate wotupa ngati wapamsika n'kumati ndi Mgonero. Kuseri kwa linga malo ngambiri. Mimbulu sifunsa mpingo."

"Pangano la ukwati linati ndizipemphera monga kwathu."

"Iweyo. Linatchula wantchito? Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, mtengwa."

Bambo Gotard, wansembe wa panyumbapo, anatsokomola. "Njira ilipo, mayi. Mukalola kubatizidwanso, onse a m'nyumba mwanu adzakhala a Roma."

Feodosia anayang'ana mwamuna wake. Sulislaw ankachotsa nthata pa khutu la galu. Chibwerereni, Feodosia ankakana ubatizo umenewu, chifukwa bambo ake anamuuza potsanzikana kuti madzi a Roma akadzangokhudza mutu wake, asadzawatchulenso bambo. Koma anakumbukira mapazi a Ulyana, otulukira kunja kwa chiguduli.

"Ndalola," anatero.

Anamuthira madzi tsiku lomwelo, namutcha Agnieszka. Mabelu analira. Wamthenga anakwera kavalo kukauza bambo a Feodosia.

Tsitsi lisanaume, Feodosia anagwira mkanjo wa wansembe. "Tsopano timuike, bambo."

"Madzi amagwera amoyo, mayi," anayankha Gotard mofatsa. "Ndinati a m'nyumba mwanu. Wakufa sakhala m'nyumba ya munthu."

A Dobrochna anaseka mpaka kupukuta misozi.

Antchito anatulutsa mtembo kuseri kwa linga. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, choncho anangopalapo pang'ono n'kuunjikapo miyala. Panalibe woimba. Feodosia anakweza dzanja kuti achite chizindikiro cha mtanda. Kuchoka pamphumi ndi pachifuwa, linalunjika phewa lamanja, monga Ulyana anamuphunzitsira.

A Dobrochna anamugwira mkono, naukankhira mbali inayo.

"Kuno timayambira kumanzere, Agnieszka," anatero. "Yambiranso."

Anayambiranso.