Kampata ka m'mbali mwa chipata

"A Kuramochi, mwambo wanuwu umasankha nkhope!" Ndinawalasa nawo mawuwo nditaima kunja kwa chipata chofiira cha kachisi wathu, ndodo za ng'oma zili m'manja.

A Kuramochi, wansembe wa pakachisipo, sanasiye kusesa. Anabwereza zomwe anandiuza dzulo: wofedwa sadutsa pachipata cha mizimu asanakwanitse masiku makumi asanu. Chimwalirireni bambo anga, atsala masiku atatu okha kuti akwane. Koma chikondwerero cha zokolola ndi lero, ndipo ng'oma yaikulu ya pachikondwererochi bambo anaiimba zaka makumi atatu. Ali gone kuchipatala ankandiphunzitsa kamenyedwe kake pogogoda bondo langa, kuti chaka chino ndiimbe ine.

Poyamba ndinali nditagonja. Ndinabwera kudzangomvera ndili kumsewu. Kenaka anatulukira a Tsurumi, apampando a komiti ya chikondwerero, omwe mtembo wa mkulu wawo tinauwotcha pamwambo wa maliro Lachiwiri lomweli. Anachiyang'ana chipata, nakhotera kumanzere, n'kudzipanikiza pakati pa mzati ndi mpanda wa nsungwi. Mimba inakana, iwo anakakamira, mpaka mkanjo wawo wakuda unang'ambika pamkono. Atafika mkati anasamba m'manja pamwala wogoba wokhala ndi madzi, nachukucha mkamwa, nawerama kawiri, n'kuwomba m'manja kawiri mwamphamvu moti akhwangwala anabalalika padenga.

Nditafunsa, wansembeyo anandiyankha nkhope ili phee kuti a Tsurumi sanadutse pachipata, adutsa m'mbali.

"Ndiye kuti mizimu yathu ili ndi khosi louma? Siitha kucheuka?"

Amayi ogulitsa mbatata yowotcha anabisa kuseka ndi mkono. Ine ndinalunjika pakampata komweko. Ndine woonda, nsungwi sindikanazikhudza n'komwe. Koma tsache la a Kuramochi linanditchinga pachifuwa.

"Chizuru, mwanawe, usatichititse manyazi. Bambo ako anali munthu waulemu."

Mkatimo ng'oma inayamba kulira. Ankaimenya ndi mwana wa a Tsurumi, wofedwanso ameneyo, amene amamenya ngati akukuntha fumbi m'matilesi. Masamba a nsungwi anali akadali m'tsitsi mwake.

Sindinasunthe. Ndinagwira tsachelo, anthu obwera kudzapemphera akuunjikana kumbuyo kwanga.

"A Kuramochi, imfa ya kwa a Tsurumi imakwana pakampata aka, ya kwathu ayi? Yonenepa ndi iti? Ndiyankheni pano, anthu onsewa akumva."