Mayi Anga Adya Chiyani?

Chaka chilichonse kukatentha, mpingo wina wa ku Toronto umatitumizira achinyamata odzipereka. Ndi ana a anthu athu omwe, nkhope zathuzathu, koma akatsegula pakamwa Chitchaina chake chimatuluka chotsimphina. Ndiye ine Mayi Yeh, wophika patchalitchi chathu m'tauni ino ya asodzi kum'mwera kwa Taiwan, ndimasanduka womasulira, ngati ndilibe zochita.

Chaka chatha kunabwera Wesley Tam, mnyamata wamtali wa gitala, wosekerera ngakhale udzudzu ukumuluma. Abusa anamupatsa a Kuo. Gulu lililonse limapatsidwa a Kuo, ndipo lililonse limabwerera osaphula kanthu.

A Kuo ndi msodzi wokalamba. Akazi awo, a Siu-lan, anali Mkhristu, ndipo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ubatizo a Kuo ankaufuna ndithu, kuti akafike kumene kuli akazi awo. Koma m'nyumba mwawo, pashelefu, munali timatabwa tiwiri tolembedwa mayina a malemu bambo ndi mayi awo, ndipo m'mawa uliwonse ankaikapo mpunga n'kuyatsa lubani. Ana alibe. Akasiya iwowo, makolowo agona ndi njala mpaka kalekale.

Wesley anawaimbira nyimbo, kenako anafotokoza za chipulumutso, ine ndikuwongola mawu.

"Wamaliza?" anatero a Kuo. "Tandiuza, mwana iwe. Ine ndikabatizidwa, mayi anga adya chiyani?"

"Akufa sadya, agogo."

"Unafapo?"

"Ayi."

"Basi, imwa tiyi."

Tili panjira ndinamuchenjeza. "Anzako a chaka china anawauza kuti atenthe timatabwato. A Kuo anawapirikitsa ndi tsache, ndipo tsachelo ndinawapatsira ndine."

Mnyamatayo sanagwe ulesi. Gitala anaisiya, n'kumangopita kukakhala nawo akusoka ukonde. Tsiku lina, mawu atamuthera, anafunsa kuti mayi awo ankakonda ndiwo yanji. Ee, a Kuo anamasuka! Za nsomba yamchere, za mayi awo kumenya mphaka ndi chipande, za bambo awo ogontha amene ankakalipira wailesi. Dzuwa litafika pamutu a Kuo anaima, n'kuyang'ana kushelefu.

"Tikungowanena ngati palibe," anatero. "Ndiwafunsa eni ake."

Lamulungu anatulukira pa njinga yamoto, timatabwa tija atatikulunga m'thawulo. Anatikhazika pabenchi yakutsogolo, iwo n'kukhala pambali pake.

"Lalikirani mokweza, abusa," anatero a Kuo. "Bambo samva."

Abusa anakuwa mpaka mawu kusasa. Ulaliki utatha ndinapita kukafunsa kuti makolo ati bwanji.

"Bambo sanatsutse. Mayi angokhala chete, koma mayi ndi mmene analili."

A Kuo anabatizidwa tsiku lomwelo. Achinyamata a ku Toronto anawomba m'manja n'kujambula zithunzi, koma ine mtima sunakhazikike. Ndinkadziwa kuti mawa kudzacha, ndipo funso la mpunga lija palibe analiyankha.

M'mawa mwake ine ndi Wesley tinalawirira kwawo. Lubani panalibe. Timatabwa anali atatitsitsa pashelefu n'kutiika patebulo lodyera, kalikonse ndi mbale yake ya mpunga. Iwo anali ndi mbale yawo, ndipo ina inali patsogolo pa mpando wopanda munthu.

"Kodi Buku lanu limaletsa munthu kudya ndi makolo ake?" anafunsa a Kuo.

Wesley anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Sindikudziwa, agogo," anatero Wesley.

"Ndiye pemphera, chakudya chikuzizira."

"Nanga mbale iyo ndi ya ndani?" ndinafunsa, poti pakamwa panga sipatha kutseka.

"Ya Siu-lan. Moyo wake wonse ndi iye amene ankaphika nsembe ya makolo angawa, koma sanailawepo, poti anali Mkhristu. Ife tikudya zotsika pashelefu, iye ankadyera kukhitchini yekha." Anakankhira nsomba kumbali ya mpando uja. "Lero si nsembe. Ndi chakudya basi. Adye nafe."

Wesley anatsegula pakamwa, koma Chitchaina chake chonse chinathawa, Chingerezi chomwe. Inenso misozi inalengeza, ndipo ndinakwiya nayo. Ndinapemphera ndine, mwachidule, chifukwa mpunga unkaziziradi.