Diresi Lachinayi

A Onesimo, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi msika wa Zingwangwa, anasoka madiresi anayi m'sabata imodzi, onse a mwana wawo Monika. Mtsikanayo anali atapeza ntchito ya zaka ziwiri kuhotela ina ku Dubai. Mnzake amene anatsogola anamuuza pafoni kuti asadzisenzetse katundu: kumeneko dzuwa limaswa mtengo, kuntchito amapereka yunifolomu, kachikwama kamodzi kakwana.

Loweruka masana Monika anayala zonse pamphasa: mabulauzi awiri opepuka, siketi, masilipasi, chitenje chimodzi. Juzi anaibweza m'sutikesi ya amayi ake. Kenaka anayesa madiresi aja.

"Adadi, m'katimu mwabisamo chiyani? Msoko wake ngati wa chikhoti cha alonda!"

"Ndasiya mainchi awiri mbali iliyonse. Anthu akapita kunja amanenepa."

"Aa, adadi! Ine ndine mwana wa sitandade wani, woti azikula nayo yunifolomu? Ndi thukuta la kumeneko zimenezi zikandisupula m'khwapa. Dulani."

 Chibadwire mwanayu, a Onesimo sanamusokerepo chovala chongomukwana lero lokha. Ankasiya nsalu, akakula n'kumasula okha, tepi ili m'khosi, akumukalipira kuti aime mowongoka. Tsopano anazindikira kuti akakanenepa kumeneko, womasula msokowo akakhala munthu wina, wosamudziwa n'dzina lomwe. Akadula, diresi likangothina n'kutayidwa kutali, iwo osadziwanso kuti mwana wawo akuoneka bwanji.

Koma mtsikanayo sananame. Kutentha ankakudziwa bwino iwo, munthu wokulira ku Nsanje. Anatenga sizasi. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, tinsalu tikugwera pamapazi awo. Atanyamula lachinayi, lobiriwira, Monika anawagwira mkono.

"Ili lisiyeni. M'chikwama silikwana."

"Likwana. Ukalikulunga bwino..."

"Silikwana, adadi. Likhale konkuno. Ndikadzabwera mudzandiyezenso."

Lolemba a Onesimo anamuperekeza mpaka kubwalo la ndege ku Chileka. Chikwamacho anachinyamula iwo njira yonse, ndipo kupepuka kwake kunkawavutitsa mumtima, ngati kuti mwanayo akungopita kukagona kwa azakhali ake ku Chilomoni. Monika atalowa m'kati, anatembenuka kamodzi, kenaka anthu anamuphimba.

Diresi lija analipachika pamsomali kuseri kwa makina, m'chipepala cha pulasitiki kuopa fumbi la maminibasi. Sabata yomweyo mayi wina wogulitsa tomato anaima, n'kulisisita m'munsi.

"Atelala, ili mupanga zingati?"

"Lili ndi mwini wake."

"Nanga sakudzalitenga bwanji? Kapena anakuthawani?"

"Sitinamalize kuyeza," anatero a Onesimo, n'kupitiriza kupalasa makina.