Mafuta a Pakhosi

Ine ntchito yanga ndi kumeta anthu, zaunesi sindinaphunzire. Ndiye mwana wina wasukulu atayamba kubwera masana aliwonse, tsitsi lisanamere n'komwe, ndinapsa mtima.

"Iwe, ndimete chiyani pamenepa? Chigaza?"

Sanaseke. Anakwera pampando n'kutulutsa kabotolo ka mafuta m'thumba la yunifolomu. Ankachita kudikira nthawi imene pabenchi palibe munthu.

Chipsera chake ndinkachidziwa kale, makina anga ankachilambalala. Chinayambira kuseri kwa khutu, kutsika m'khosi mpaka paphewa, cholimba, chonyezimira ngati pulasitiki yosungunuka. Anapsa ndi madzi a m'ketulo adakali mwana wokwawa. Bala linapola kalekale, koma mwana ankakula chipsera osakula naye, ndiye chinkamukoka mutu kupendekera kumanzere. Kuchipatala anati azichitikita ndi mafuta tsiku ndi tsiku, apo ayi khosi lidzauma chopendekera chomwecho.

"Kumbuyoku sindifikira, amalume."

"Nanga kwanu kulibe manja?"

Anangoyang'ana pansi. Basi ndinamupaka, uku ndikung'ung'udza. Anatsinzina, mapewa n'kugwa, ngati munthu amene watula katundu. Chisoni chinandigwira, koma mkwiyo sunachoke. Loweruka kuno anthu amadzaza, Lamulungu ndimatseka. Khosi la mwana lizidikira ine? Ayi ndithu.

Tsiku lina mayi ake anabwera kudzamutenga, mayi aulemu wawo, atavala zakuntchito. Anaima pakhomo, maso ali pakalendala ya pakhoma.

"Mayi, talowani," ndinatero. "Si ntchito yovuta iyi. Mungoyendetsa chala mozungulira, chonchi, mokanikiza pang'ono."

Analowa. Ndinawathira mafuta m'manja. Dzanja lawo linanyamuka bwinobwino, koma litafika pafupi ndi khutu la mwanayo linaima. Mafuta anadonthera pansi, patsitsi la anthu ena.

"Ketuloyo ndinanyamula ndine," anatero motsitsa, osayang'ana ine, osayang'ana mwana.

Panja galimoto zinkangodutsa, wailesi ya mnzanga wokonza mafoni ikulira ngati palibe chachitika.

Mwanayo anawayang'ana pagalasi, mutu uli chopendekera. Kenako anatsika pampando, anatenga thaulo langa n'kuyamba kuwapukuta zala, chimodzichimodzi, mosamala.

"Asiyeni amayi, amalume," anatero. "Akandigwira amapsa."