Mlonda Wakana Khadi la Nyanga

Pamdadada ponse palibe amene sawadziwa a Mawaya. Ntchito yawo ndi yoika magetsi m'nyumba za anthu, koma matenda awo enieni ndi kumasula zinthu zoti sizinawonongeke.

Ndiye chaka chino anatola kakompyuta kakale, kangati bokosi la nsapato, komwe ofesi ina inkataya, n'kuikamo pulogalamu ya fayawolo. Fayawolo, mmene amafotokozera eni ake, ndi mlonda wapageti: chilichonse cholowa kapena kutuluka pa intaneti ya m'nyumba chiyambe chaima, chifufuzidwe. M'nyumbamo anangokatcha Mlonda. Rauta yogawira waifai ya kampani ya intaneti, yomwe sinkavuta munthu, anaizula n'kuiika pamwamba pa wadirobu.

Koma abale, Mlonda analibe waifai! Wofuna intaneti ankakhala pabalaza pafupi ndi waya, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Akazi awo a Mawaya ndi telala, amasokera kuchipinda chakumbuyo, ndipo makasitomala amawatumizira masitayilo pafoni. Anapirira mpaka anatopa.

"Bambo a ana," anatero m'mawa wina, tepi ili m'khosi, "likafika Loweruka foni yanga isakugwira kuchipinda kwanga, rauta ija itsika pawadirobu. Mlonda wanuyu akalondere kukhonde."

Paja a Mawaya anali atauza kale anzawo onse kuti nyumba yawo ndi yotetezeka kuposa banki. Akaona Mlonda ali kukhonde adzati chiyani?

Anathamangira kutauni kukagula khadi la waifai, lija limathandiza kompyuta kulankhula ndi mafoni popanda waya. Anasankha lonyezimira, la nyanga zinayi, langati nkhanu yogona chagada. Anafika nalo mwamatama, ana awo aakazi akuonerera, n'kulilumikiza. Zii. Analizula, analiuzira, analibwezeramo. Mlonda anangokhala ngati palibe wagogoda.

"Adadi, mwina nyanga zachepa," anatero wamkuluyo, wamng'ono akubisa nkhope mukhushoni.

Anangolitenga, ulendo kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene amakonza mafoni ndi malaputopu m'kashopu kapansi pa masitepe.

"Alamu, mwagula khadi kapena nyanga?" anafunsa mlamuyo akulitembenuza.

"Pabokosi alemba kuti palibe lothamanga kuposa limeneli."

"Nanunso munabwera kwathu ndi suti yonyezimira, koma ife tinafunsa kuti ndinu mwana wa yani. Mlonda wanuyo sayang'ana nyanga. Amafunsa kachipi kamkati, kuti ndi ka mtundu wanji. Akapanda kukadziwa, ngakhale moni sakapatsa. Ndiye makhadi enawa amangodziwa kulandira waifai, kugawira ena ayi. Ngati mlamu wanga wina, dzina ndabisa."

"Iwe, ulemu pang'ono. Ndinakupeza ukuyenda opanda kabudula."

Anaweramira limodzi pafoni kufufuza machipi amene pulogalamu ya Mlonda imagwirizana nawo. Eti onse akale okhaokha, oti m'mashopu anasiya kalekale kugulitsa. Mlamu uja anapindula madirowa, anakhuthula makatoni, koma ayi ndithu. Kenako anangoima n'kuyamba kuseka, mpaka kugwira khoma.

"Laputopu ya achemwali ija! Ndinaitsegulapo. Ili ndi khadi lenilenilo, ndipo likwana m'kampata kam'kati mwa Mlonda."

A Mawaya nkhope inagwa. Laputopu imeneyo inafa galasi kalekale. Akazi awo amatsinjirizira nsalu akamadula, ndipo amaikonda poti inali yawo yoyamba. Koma a Mawaya, nthawi zonse akamadutsa pakhomo la chipindacho, mawu awo ankakhala amodzimodzi: "Tayani chimenecho." Kukabwera alendo, "Tayani chimenecho." Mpaka ana ankawayeserera.

Masana amenewo anaphika tiyi, chinthu chomwe chinadabwitsa ndi mphaka yemwe. Analowa nayo kuchipinda chosokera akumwetulira ngati munthu wodzafunsa njira.

"Mayi a ana, mwatopa. Imwaniko." Anakhosomola. "Kodi kalaputopu kathu kaja..."

Makina osokera anaima.

"Kati?"

"Ako, kali pansalupo."

"Ooo, chimenecho?" Anamwa tiyi pang'onopang'ono. "Chachepa liti kuti chikhale ka? Ndipo chakhala chathu liti? Dzulo lomweli chinali chinthu changa chodzaza malo."

Kuseri kwa chitseko kunamveka ana akutsamwa ndi phwete.

A Mawaya anafotokoza zonse: za kachipi, za nyanga, za Mlonda wosankha anzake. Akazi awo anamvetsera akugwedeza mutu.

"Ndiye mukuti chatsopano chonyezimira chakanika, chakale chomwe mumachinyoza ndicho chikugwirizana ndi nyumba ino? Mawu amenewo muwasunge bwino, bambo. Tengani khadilo. Koma dzina la waifai ndilemba ndine."

Anavomera msanga, osaganiza n'komwe. Anamasula laputopu ija mwaulemu ngati dokotala, n'kutulutsa kakhadi kochepa ngati sitampa, ndi timawaya take tiwiri togwira netiweki tomwe tinkadutsa kuseri kwa galasi. Anakalowetsa m'kampata ka Mlonda, anamata timawayato pamwamba ndi tepi yakuda, n'kuyatsa. Mlonda anakazindikira pompo, ngati m'bale wake wosowa. Kenako anatembenuzira kiyibodi kwa akazi awo, amene analemba ndi chala chimodzi, osafulumira.

Posakhalitsa kuchipinda chakumbuyo foni inayamba kulira, masitayilo akugwa ngati mvula. Mlonda anapulumuka, sanapite kukhonde.

Koma waifai simadziwa mpanda. Aliyense pamdadadapo akatsegula foni yake amaona dzina lija lili pamwamba penipeni: Tayani Chimenecho. Amayi apawindo loyang'anana ndi lawo anafunsa nkhani yake, ndipo anauzidwa yonse, ndi ya tiyi yomwe. Pano a Mawaya akamadutsa ndi makwerero paphewa, ogulitsa nyuzipepala amakuwa, "Bwana, titaye chiti lero?"

Laputopu ija inabwerera pansalu, yopepukirako pang'ono. A Mawaya akafika pakhomo la chipindacho amatsegula pakamwa mwachizolowezi, kenako n'kungoyamikira nyengo. Khadi la nyanga lija nalo silinatayidwe. Lili pafupi ndi makina osokera, nyanga iliyonse yanyamula ulusi wa mtundu wake.